Zitsulo zopingasazi zikunyamula chani? Nkhani ya sitandi ya thanki ya ankolo ku Makawa

"Mphwanga, zitsulo zopingasazi zikunyamula chani?"

Anandifunsa choncho ndi ankolo anga, alongo awo a mayi, titakhala pansi pa mtengo wa mango kwawo ku Makawa, pepala la pulani lili pa mpando, chala chawo chikuloza tizitsulo tija tooneka ngati X tomwe amisiri amati mabulesi. Ankolowa anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, nde ndalama ya penshoni anaboolera mjigo, kugula pampu ya sola ndi thanki ya malita 5,000, cholinga azithirira tomato ndi mpiru kudimba komanso anthu oyandikana nawo azitunga nawo polipira kangachepe. Chinatsala ndi sitandi ya mamita 6 kuti madzi azifika ndi mphamvu mpaka kumapeto kwa dimba. Ine poti ndinadutsako ku Poly, yomwe pano akuti MUBAS, pulani inagwera ine, ndipo mukudziwa kale ntchito ya pachibale, malipiro ake ndi nsima ya chambo basi.

Panalinso mmisiri wowotcherera wochokera ku tauni, munthu wa luso lake ndithu, mageti ndi mafelemu ambiri omwe mumawaona mukamadutsa msewu wopita ku Monkey Bay ndi manja a anthu ngati iyeyo. Iye anabwera ndi mtengo wotsikirapo kusiyana ndi wa pulani yanga chifukwa anachotsa mabulesi onse, nkunena kuti tingonenepetsa miyendo inayi ija ndi kuyika tizitsulo togona tolumikiza miyendo, zatha. Ndipo sindingawanene ankolo kuti anaumira, chitsulo chinadula koopsa kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, angilo ayironi imodzi ya mamita 6 munthu umayamba wapuma kaye usanafunse mtengo.

Nde ndinayankha zoona zake. Ndinati ankolo, tsiku lopanda mphepo ngati lero, sizikunyamula kanthu. Ziro.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako amvekere "nde ndigulirenji mlonda woti azingogona?"

Apa mpomwe ndinapanga chinthu chomwe chinandichititsa manyazi koma chinandiphunzitsa zambiri kuposa kalasi. Ndinatulutsa laputopu kuti ndiwaonetse ndi kapulogalamu kena komwe tinkaseweretsa kusukulu. Kamagwira ntchito chonchi: umakauza malo omwe chomangacho chikhale, pomwe chaponda pansi, pomwe katundu akukhala ndi kulemera kwake, kenako umadzaza malo onsewo ndi tizitsulo tambirimbiri tolumikiza mfundo iliyonse ndi inzake ngati ukonde wa usipa. Ukatero umakauza kuti ndipezere njira yonyamulira katunduyu ndi chitsulo chochepetsetsa. Iko kamayamba kuwerengera mobwerezabwereza, chitsulo chomwe chikugwira ntchito kamachinenepetsa, chomwe chikungokhala kamachiwondetsa mpaka kuzimiririka, ndipo pomaliza pamatsala mafupa okhaokha. Pachingerezi amati topology optimization. Si nzeru ya dzana ayi, munthu wina wa ku Australia dzina lake Michell analemba masamu ake kale mu 1904 makompyuta kulibe, kenako mu 1988 Bendsøe ndi Kikuchi anabweretsa njira yomwe inapangitsa kuti kompyuta izitha kuchita zimenezi pa chinthu cha maonekedwe aliwonse. Lero opanga ndege amagwiritsa ntchito zomwezi, nthiti zina za m'mapiko a Airbus A380 zinapangidwa choncho, ndipo ukaziona zimangokhala ngati mizu ya mtengo kapena fupa la nsomba, zopanda ngodya zowongoka zomwe tinazolowera.

Chifukwa cha phuma lofuna kuwina mkangano ndinangoyika katundu mmodzi, matani 5 a madzi kukanikiza pansi, poti lita imodzi ndi kilogalamu imodzi. Ndinadina. Tonse atatu maso pa sikirini. Zomwe zinatuluka? Miyendo inayi yoima njoo, popanda bulesi olo imodzi, olo tizitsulo togona tija inachotsa.

Mmisiri uja anaseka mpaka kugwira bondo. "Mwaonatu bwana injiniya, ngakhale kompyuta yanu yomweyo ili mbali yanga." Kkkk ndinatuluka thukuta pamthunzi.

Koma kompyuta sinalakwitse. Inayankha funso lomwe ndinayifunsa, ndendende, ndipo vuto lenileni lagona pamenepo. Kwa ankolo ndinafotokoza mwa chiphunzitsi kuti amve msanga: ndinati mukukumbuka mwana uja amene amaloweza yankho la funso limodzi la past paper mpaka makoma ndi mafulusitopu, akalipeza pa mayeso amakhoza zonse, koma mayeso akangotembenuza funsolo pang'ono amangokhala kukamwa yasa? Sitandi yomwe yatuluka apayi ndi mwana ameneyo. Ndi dolo pa katundu mmodzi yekha amene ndamutchula, ndipo udolo wakewo wautenga pochotsa chilichonse chomwe chikanamuthandiza pa katundu wina. Ukamapana kwambiri kuti chinthu chikhale chopepuka ndi chotchipa pa katundu amene ukumuyembekezera, ndi pomwenso ukuchifooketsa pa katundu amene sunamuganizire. Mwana akangoyitsamira sitandi imeneyo chammbali, pa masamu ake imagwa.

Ankolo anangoti "pitiriza", nde ndinadziwa kuti ndawapeza.

Tinayamba kuwerenga zinthu zomwe zingakankhe sitandi ija pa moyo wake wonse, ndipo yoyamba aliyense wa kunyanja kuno amayidziwa. Mwera. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala umawomba kuchokera kummwera chakummawa, asodzi amakhala masiku osalowa m'madzi. Mpoto nawonso uli ndi nthawi yake. Koma zoopsa kwambiri kwa zomangamanga ndi timikuntho tija ta mvula yoyamba, ta mphindi khumi zokha koma tobwera mbali iliyonse yomwe tafuna, tosasula madenga a sukulu ndi matchalitchi chaka ndi chaka. Mukadzafika pa tawala ya wotchi ija ya pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi mudzawerenge chikwangwani chokumbukira sitima ya Viphya yomwe inamira ndi namondwe mu 1946 nkupha anthu 145, mphepo ya panyanja pano si yoseweretsa.

Chomwe anthu ambiri sadziwa nchoti mphamvu ya mphepo siyikula mofanana ndi liwiro lake. Liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kwake kumawirikiza kanayi. Mphepo ya mamita 15 pa sekondi imakankha ndi makilogalamu pafupifupi 14 pa sikweya mita iliyonse, koma ya mamita 30 pa sekondi, omwe ndi makilomita 108 pa ola, imafika cha m'ma 55, kuposa thumba la simenti pa sikweya mita iliyonse. Ine pa masamu anga ndinasankha ya 30 yo. Thanki ya malita 5,000 nkhope yake yoyang'ana mphepo ndi masikweya mita ngati 4, koma poti ndi yobulungira mphepo ina imatsetsereka m'mbali, nde tinene kuti ikukankhidwa ndi makilogalamu 150. Zikumveka zochepa eti? Matumba atatu okha. Koma matumba atatuwo akukankha pa mtunda wa mamita 7 kuchokera pansi, pomwe miyendo yatalikirana mamita awiri okha, zili ngati munthu wagwira chitsulo chachitali akuzula chitsa. Mukachulukitsa 150 ndi 7 nkugawa ndi 2 mupeza kuti miyendo iwiri ya mbali yomwe mphepo ikuchokera ikuzulidwa mmwamba ndi mphamvu yoposa theka la tani.

Thanki ikadzadza palibe vuto la kuzuka, matani 5 aja akupondereza. Koma ikakhala yopanda madzi? Thanki ya pulasitiki payokha ndi yopepuka, amuna atatu amayinyamula, kuphatikiza ndi sitandi yonse mwina makilogalamu 450, ndipo theka lokha la amenewo ndi lomwe lili pa miyendo yozulidwayo. Ndiye kuti yapepukidwa. Ndipo apa pali kachinthu komwe ndimakakonda chifukwa sikapezeka m'buku: pampu ya ankolo ndi ya sola. Kukachita mitambo masiku awiri atatu siyipopa mokwanira, anthu akutungabe, thanki imatsika mpaka pansi. Nanga mkuntho umabwera liti? Nthawi ya mitambo yomweyo. Kutanthauza kuti tsiku lomwe mphepo ili pachimake ndi tsiku lomwenso thanki ingathe kukhala gwaa. Zinthu ziwiri zoipazi sizibwera mwangozi payokhapayokha ayi, zimayendera limodzi.

Chinanso chomwe chinamudabwitsa mmisiri uja, mbali yoopsa si yomwe mphepo ikuwomba molunjika nkhope ya sitandi. Ikawomba choncho miyendo iwiri imagawana, uliwonse makilogalamu ngati 260. Koma ikabwera chapakona, mwendo umodzi wokha umasenza pafupifupi 370. Ukangoyesa mbali zinayi zowongoka zokha, yoipitsitsayo wayiphonya.

Thanki ikadzadza mdani amasintha, amakhala kupindika. Ndinathyola bango pa mpanda, lalitali ngati mkono wonse, nkuwapatsa ankolo kuti alikanikize ndi zikhatho mbali zonse. Linakhota nthawi yomweyo. Ndinadula kachidutswa kafupi, kukanikiza, kanawabaya m'manja osakhota. Bango lomwelo, kunenepa komweko. Leonhard Euler anawerengera zimenezi kale m'zaka za m'ma 1700: mzati ukautalikitsa kawiri, katundu amene ungasenze usanakhote amatsika kanayi. Nde mwendo wa mamita 6 ukaugwira zolimba m'malo awiri kuti ukhale zigawo zitatu za mamita awiriawiri, umasenza katundu wochuluka ka 9. Koma mawu oti zolimba ndi ofunika. Tizitsulo togona tokha sitigwira, chifukwa miyendo yonse inayi imatha kupendamira mbali imodzi limodzi ndi tizitsuloto, ngati mmene limachitira thandala la usipa likakalamba, makona anayi aja amangosanduka daimondi. Chomwe sichisintha maonekedwe ndi cha makona atatu, ndipo bulesi ntchito yake ndi imeneyo, kudula bokosi la makona anayi kuti likhale a makona atatu awiri. Sitandi yodzadza ikangopendama masentimita ochepa, matani 5 aja sakhalanso pakati, amayamba kuthandiza kuyigwetsa, ikapendama kwambiri nawonso akukoka kwambiri, mpaka basi.

Thanki ya theka nayo ili ndi khalidwe lake, madzi amakhavukira uku ndi uku, amene anasenzapo ndowa yosadzadza pamutu akudziwa. Ndiye pali zivomezi, tisaiwale kuti nyanja yathuyi yakhala mu chigwa chomwe nthaka ikung'ambika pang'onopang'ono, Salima inagwedezeka mu 1989, Karonga mu Disembala 2009, ndipo chivomezi chimakankha chammbali molingana ndi kulemera kwa chinthu, nde thanki yodzadza pamwamba pa miyendo yaitali ndi ndiwo zake zenizeni. Kuwonjezera apo mnyamata wokwera kukatsuka thanki, makwerero otsamiritsa, chingwe choyanikapo zovala chomwe azakhali adzamangirire ndithu olo muwaletse.

Mmisiri anati nanga si nchifukwa chake ndikuti tinenepetse miyendo, mainjiniya simumati safety factor? Funso labwino kwambiri, ndipo ndi pomwe anthu ambiri ngakhale ophunzira amagwera. Zoonadi malamulo akale a ku Britain omwe ambirife tinaphunzira nawo amati katundu wokhazikika umuchulukitse ndi 1.4, wosinthasintha ndi 1.6, ndipo a ku Ulaya atsopano amati 1.35 ndi 1.5. Nde ndinabwerera pa laputopu, matani 5 aja ndinawasandutsa 8. Inatulutsa chani? Miyendo inayi yomwe ija, yonenepako, bulesi palibe. Ndinayika matani 20, chimodzimodzi. Kuchulukitsa kumakuteteza ngati unalakwitsa kukula kwa katundu, koma ngati unalakwitsa mbali yomwe akuchokera, olo uchulukitse ka 100 ukungolimbitsa chitseko chakumaso wakuba akulowera pa windo.

Vuto limeneli akatswiri a masamu analiona kalekale. Mu 1997 anthu awiri a pa yunivesite ya Technion ku Haifa, Ben-Tal ndi Nemirovski, anaonetsa njira yochitira nalo pa zomanga za zitsulo zolumikizana ngati zathuzi. Nzeru yake ndi yosavuta kuyimva ngakhale masamu ake ndi owawa: usayiuze kompyuta katundu mmodzi, iwuze gulu lonse la akatundu omwe angatheke, wamkulu uja amene ukumudziwa komanso tina ting'onoting'ono tomwe tingakankhe pa mfundo iliyonse kuchokera mbali iliyonse, ndipo pa pulani iliyonse yomwe ikuyesa izifufuza katundu woipitsitsa m'gululo nkuyiweruza ndi ameneyo. Zimakhala ngati bawo, iwe ukusuntha chitsulo, mdani akusuntha katundu kufuna pomwe wafooka, iwe kutseka pamenepo, iye kusaka pena, mpaka pomwe palibenso malo amodzi ofooka kwambiri kuposa anzake.

Ine kapulogalamu kanga sikafika pamenepo, nde ndinachita za chimphawi. Ndinayika mphepo kuchokera mbali 8, iliyonse kawiri, thanki yodzadza ndi yopanda kanthu, nkuwonjezera kakatundu ka munthu mmodzi kokankha pa mfundo iliyonse. Inatenga kanthawi, ankolo mpaka anakaona mbuzi nkubwerako. Itamaliza, ma X aja anabwerera okha mbali zonse zinayi, popanda ine kuwajambula. Ndipo chosangalatsa, miyendo inatuluka yowonda kusiyana ndi ya mmisiri uja, nde titawerengera zitsulo zonse kusiyana kwa pulani ziwirizi kunali ma angilo ayironi ochepa chabe, osati zoopsa zomwe ankolo ankaganiza. Ndalama yomweyo, kungoyisuntha kuchoka pa kunenepa kupita pa kugwirana.

Pali njira inanso yomwe ena amakonda, ya mwayi. Mmalo mofunsa kuti choipitsitsa ndi chiti, umayipatsa kompyuta akatundu masauzande osankhidwa mwachisawawa molingana ndi mmene amachitikira kawirikawiri, nkusankha pulani yomwe pa avereji ikuchita bwino komanso yosasinthasintha kwambiri katundu akasintha. Malamulo a zomangamanga nawonso amayankhula chinenero chomwecho, mumva akuti mphepo ya zaka 50. Anthu amaganiza kuti ndiye kuti imabwera kamodzi pa zaka 50 zilizonse ngati ili ndi kalendala, ayi, zimatanthauza kuti chaka chilichonse pali mwayi umodzi pa 50 woti ibwere kapena kuposa. Mukawerengera bwino, nyumba yoti ikhale zaka 50 ili ndi mwayi wa pafupifupi 64 pa 100 wokumana nayo. Si zachilendo, ndi zoyembekezeka.

Kwa ine, pa ntchito zing'onozing'ono za kumudzi ngati izi, njira ya choipitsitsa ndi yomwe ndimayikhulupirira. Ya mwayi ija imadalira kuti zakale zikuuze za mtsogolo, nde taonani zaka zapitazi: madzi osefukira a Januwale 2015, Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu Malichi 2023. Nyanja yomwe mu 2024 inakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu mphepete monsemu. Munthu amene anawerengera ndi zomwe agogo ankaziona anapezeka madzi ali pakhonde.

Koma njira ya choipitsitsa nayo ili ndi msampha wake, ndipo anautulukira ndi ankolo omwewo. Amvekere "nanga mvuu ikatuluka usiku nkudzadzikanda pa mwendowo, wayikamo?" Tinaseka koma funsolo ndi lenileni, mvuu zimafikadi m'madimba kuno. Ukati uteteze ku chilichonse, mvuu, lole yophonya msewu, mtengo wa mlambe kugwera pomwepo, umanga chinthu choti palibe angachikwanitse kugula, ndipo munthu akalephera kugula pulani yako yabwinoyo amapita kwa wina amene amumangire ya ziro. Nde penapake umayenera kujambula malire, kunena kuti izi ndaziyikamo, izi ayi, ndipo malire amenewo sajambula kompyuta, umajambula iweyo ndi mutu wako ndi kudziwa kwako malowo. Ya mvuu tinagwirizana kuti yankho lake ndi mpanda, osati chitsulo.

Pali mbiri ziwiri zomwe aphunzitsi athu ankakonda kutiopseza nazo. Mlatho wa Tacoma Narrows ku America unali wowonda mokongola, wosawononga chitsulo, unatsegulidwa mu Julayi 1940 nkugwa pa 7 Novembala chaka chomwecho, ndi mphepo ya makilomita 60 ndi kanthu pa ola yokha, yomwe pano tingati mwera wolimbako. Kulemera kwa magalimoto unkakwanitsa bwinobwino, chomwe sanachiganizire nchoti mphepo ingaupotokole. Ina ndi ya nyumba yosanja ya Ronan Point ku London mu 1968, gasi anaphulika m'khitchini ya munthu mmodzi pa nsanjika ya 18, khoma limodzi linachoka, kona yonse ya nyumbayo nkugumuka kuyambira mmwamba mpaka pansi chifukwa katundu analibe njira ina yodutsa. Iyi yachiwiriyi ndi yomwe inandipangitsa kuumirira kuti mabulesi akhale X wathunthu osati chitsulo chimodzi chopendama. Pa masamu chimodzi chikanakwana. Koma kuwotcherera kwa magetsi ofooka, dzimbiri la chinyezi cha kunyanja, anyamata ogula zitsulo zakutha aja oyenda ndi sowo usiku, tsiku lina chimodzi chidzachoka, nde chinzake chidzagwirizize mpaka wina aone.

Pansi napo tinalimbana. Dothi la kwa ankolo ndi mchenga, ukakumba pang'ono nthawi ya dzinja madzi atuluka. Mmisiri ankafuna kungokwirira miyendo ndi konkire ya wilibala imodzi imodzi. Ine ndinati mwendo uliwonse ukhale ndi chibuma cha masentimita 60 kwa 60, kuya 80, cholemera makilogalamu pafupifupi 700, komanso mabawuti okhota kunsi kuti asasolokeko. Osati chifukwa choopa kutitimira kokha ayi, koma kuti pakhale cholemera chogwira mwendo ukamazulidwa. Ndipo madzi a pansi akakwera nkuchimiza chibumacho chimapepuka, chimatsala ngati 400, monga mmene mwala umapepukira ukaunyamulira m'nyanja. Ndinawerengera ndi 400 yo.

Nkhani yomweyi ndi ya madenga athu, kungoti sitiyiona. Mmisiri akamakhoma denga mutu wake uli pa kulemera kopita pansi, mapaso olimba, mitanda yokwana. Koma malata ndi opepuka, ndipo mphepo ikamadutsa pamwamba imawayamwa kupita mmwamba, ikalowanso pakhomo kapena pa windo losweka imakankha kuchokera mkati. Nchifukwa chake mumapeza denga lonse lili m'munda mwa aneba lili lathunthu, matabwa osathyoka olo limodzi, chomwe chinalephera ndi kawaya komangirira denga ku khoma komwe kanangokoledwa pa mzere umodzi wa njerwa. Miyala ndi matayala omwe anthu amasanjika pa malata ndi umboni woti vutoli amalidziwa, kungoti amalithetsa denga litakhomedwa kale.

Basi sitandi inamangidwa mmene ndinajambulira, mmisiri uja anayiwotcherera bwino kwambiri, ndiyenera kumuyamikira, ndipo pomaliza anakwera pamwamba nkuyigwedeza ndi thupi lonse osasuntha, amvekere "koma yauma ngati chitsulo cha njanji." Tomato analimidwa, chambo changa ndinadya.

Nde sabata yatha ndinapitako patatha miyezi. Ndikutsika pa kabaza, kuyang'ana mmwamba, mtima unangoti phwii. Mapanelo anayi a sola, omwe poyamba anali pa kafelemu kawo pansi, ali pamwamba pa sitandi, awotchereredwa mbali imodzi ya thanki, atatulukira kunja ngati phiko la ndege. Akuti kwa aneba akuba anamasula mapanelo usiku, nde iwo anaona kuti malo otetezeka ndi mmwamba. Nzeru ndithu kumbali ya akuba. Koma panelo iliyonse ndi masikweya mita ngati awiri, anayi ndi 8, kuwirikiza kawiri nkhope ya thanki, ndipo ndi afulati, mphepo siyitsetsereka ngati pa thanki, imalowa kunsi nkunyamula. Choipa kwambiri ali mbali imodzi, nde akufuna kuyipotokola sitandi ngati munthu akufinya chovala. Pa mbali 8 zanga zija, pa thanki yodzadza ndi yopanda kanthu, pa mvuu yomwe tinakambirana, palibe paliponse pomwe ndinaganizako za mapanelo.

"Ankolo, bwanji osandiimbira?"

"Aaa mphwanga, si unati ndi yolimba? Komanso mwera wonse wathawu yadutsa osagwedera."

Yadutsadi, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi ma X aja mbali zonse zinayi omwe agwira kupotokolako, ngakhale sindinawayikire zimenezo. Koma mwera si mkuntho wa Disembala. Ndinakhala pansi pa mango womwe uja ndi kabuku, kuwerengeranso. Tagwirizana zitatu. Mmisiri abwere Loweruka adzagawe mapanelo awiri mbali iyi awiri mbali inayo nkuwagoneka pang'ono, adzayikenso X wina wogona pansi pa thanki ndi pakati pa sitandi woletsa kupotokoka. Chachitatu nchomwe chinavuta: ndawauza kuti paipi yotulutsa madzi tiyikweze pang'ono kuti malita 1,000 azitsalira m'thanki nthawi zonse, tani yathunthu yopondereza yaulere, osagula simenti olo thumba limodzi. Anadandaula kuti ndiye kuti anagula thanki ya 5,000 kuti azigwiritsa 4,000, ndinati eya, mpaka anavomera monyinyirika, akuti ndiwalembere papepala kuti azakhali asadzati anaboola thanki pamalo olakwika ndi iwowo.

Pondiperekeza kumsewu anaima, kuyang'ananso sitandi ija, nkundigwira paphewa.

"Nanga dishi ya TV ija, pamwamba pakepo singakwane? Pansi pano mitengo ikutchinga siginolo."

Ndawauza kuti asakhudze chilichonse mpaka Loweruka, ndibwera ndi tepi.